Tsiku limene tinaika Zainabu, wojambula makatuni

Ndinadzuka azana ya m'mamawa, yoitanira anthu kumzikiti, isanamveke. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira mtengo wa mango pabwalo pomwe amuna tinachezera. Mwera unkaomba kuchokera kunyanja, wozizira mpaka m'mafupa. M'nyumba, momwe munali thupi la mlongo wanga Zainabu, amayi ena ankachita dua motsitsa mawu. Thupilo linafika dzulo lake madzulo kuchokera ku Lilongwe, komwe anamwalirira kuchipatala atangodwala masiku ochepa.

Kutayamba kuyera, amayi a m'mudzi anakoleza moto kuseri kwa nyumba. Ena ankapeta mpunga, ena ankatunga madzi kumjigo. Mabwato onse anali pamchenga. Ena ankati asodzi aopa mwera, koma ine ndikudziwa kuti ambiri anasiya dala chifukwa cha maliro.

Zainabu ndiye anali chitsirizira m'banja mwathu. Ntchito yake inali yovuta kuifotokoza kuno ku Senga Bay. Ankagwira ndi gulu lina lofufuza za maphunziro. Akatswiri akamaliza kafukufuku, monga wofuna kudziwa chimene ana a asodzi amasiyira sukulu, ankalemba malipoti aakulu m'Chingerezi. Iye ankatenga zimenezo n'kuzisandutsa makatuni a m'Chichewa, oti ngakhale munthu amene sanapondeko m'kalasi amve. Ankajambula yekha pakompyuta, ndipo mawu a ena mwa anthu a m'makatuniwo anali ake. Achibale ankangoti amapanga zidole za pakanema. Iye ankangoseka.

Dzuwa litakwera, anthu anayamba kufika, ena pa kabaza, ena pa minibasi kuchokera ku Salima. Anzake a kuntchito anatsika m'galimoto maso ali psuu, ndipo azakhali anabwereka akaziwo mipango yoti afunde kumutu. Kenako kunafika anthu amene sitinkawadziwa: aphunzitsi a ku Chitala, makolo a m'makomiti a sukulu, atsikana ovala yunifolomu. Mikeka inatha, ena anangokhala pamchenga.

Mayi wina wachikulire, atabereka khanda, anafunsa kuti mlongo wa malemu ndani. Anamulozera ine. Anagwada chapatali n'kunena kuti wayenda wapansi kuchokera kwa Maganga.

"Pepani, achimwene. Malemuwa sindinalankhulepo nawo," anatero. "Anabwera kwathu n'kupachika chinsalu pakhoma la sukulu, n'kutionetsa katuni ya mtsikana wobwerera kusukulu atabereka. Mwana wanga ndinali nditamukaniza kubwerera kusukulu. Ndinkati wabereka, basi, akhale pansi. Tsiku limenelo ndinachita manyazi. Uyu ndi mdzukulu wanga. Mayi wake ali m'kalasi panopa, akulemba mayeso. Wandituma kuti ndidzamulirire."

Ndinangoyankha kuti zikomo.

Chakumasana amayi osambitsa maliro anamaliza, thupi linakulungidwa m'sanda, ndipo achibale tinaitanidwa kuti tikatsanzike. Amayi athu sanalire mokweza. Anangomusisita pamphumi monga ankachitira akadwala malungo ali mwana.

Titaswali, tinanyamula jeneza, chonyamulira maliro. Akazi anatsala pabwalo monga mwa mwambo wathu, ndipo kulira kwawo kunatitsatira mpaka kumsewu. Nditacheuka ndinaona amayi athu ataima pakhomo, atagwira chitseko ndi manja awiri. Jeneza linkachoka paphewa la uyu kupita pa la uyo, osaima. Mphunzitsi wina wachikhristu, wovala tayi, anandinong'oneza ngati n'kololedwa kuti naye anyamuleko. Ndinamupatsa malo anga. Ogulitsa nsomba m'mbali mwa njira anavundikira madengu awo n'kuimirira.

Kumanda dothi ndi lamchenga, ndipo mphepo inkaligumulira m'dzenje. Ine ndi amalume tinatsikiramo kukalandira thupi. Linali lopepuka kwambiri. Ndinakumbukira kuti ndinkamubereka popita naye kumadrasa akakana kuyenda. Amalume anandigwira pamkono mpaka tinamugoneka bwino. Shehe anatsogolera dua, tinafotsera, n'kubwerera.

Pofika madzulo anthu ambiri anali atabalalika. Miphika inali itatsukidwa, mphepo itadekha. M'nyumba munatsala ine, amayi, azakhali, ndi mnzake wa Zainabu amene ankajambula naye mawu. Mtsikanayu anazengereza nthawi yaitali, kenako anatulutsa laputopu m'chikwama.

"Amayi, pali imodzi imene sanamalize," anatero. "Ankakana kuitumiza kwa mabwana. Ankati katuni iliyonse mumayamba mwaionera inu, ndipo inu mukapanda kuimva ndiye kuti sinathe."

Ine zimenezi sindinkazidziwa. Ndimakhala ku Salima, ndipo ndinkaganiza kuti akabwera kumudzi ndi kompyuta yake amangothawa phokoso la m'tauni.

Amayi anasendera pafupi. Zithunzizo zinali zisanapakidwe utoto. Panaoneka kamnyamata kakuwodzera m'kalasi chifukwa kanachezera panyanja, ndi mayi wake akuyanika usipa. Kenako anamveka mawu a Zainabu, akulankhula ngati mayiyo, akukalipira mwanayo pakati pa anthu. Azakhali anabisa nkhope m'chitenje.

Amayi anaonera osaphethira. Pakati pake anakweza chala n'kuloza.

"Iyayi, apa walakwitsa. Mayi wake sangamukalipire anthu akuona, amadikira alowe m'nyumba. Mukamuuze akonze."

Chala chija chinakhalabe m'mwamba kanthawi, kenako anachitsitsa pang'onopang'ono n'kuika dzanja pamwendo. Katuniyo inapitirira pang'ono, mawu n'kudukira pomwe analekezera kujambula.

"Ndikakonza ine, amayi," anatero mtsikana uja.

Amayi anagwedeza mutu movomera. Anadzuka, anakatseka zenera la kuchipinda kwa Zainabu kuti musalowe udzudzu, n'kukhala momwemo.