Andisosolera diresi la amake Esnati

Anthu a ku Mfuwe, a ku Jumbe, ndi inu a ku Nkwali, imvani zimene wandichita wochapa zovala uja wa m'mbali mwa msewu wopita ku eyapoti. Ndinamupatsa diresi. Wandibwezera nkhuku yososola.

Wochapayo ndi a Sakala, aja ankachapa makaki a azungu ku kampu ina ya alendo odzaona nyama asanatsegule kanyumba kawokawo. Pakhomo analemba kuti amachapa chilichonse. Chilichonse! Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mawu amenewo ndinawawerenga ndekha, ndipo ndinawakhulupirira.

Diresilo ndi la mkazi wanga, amake Esnati. Si la pa salaula, pogulitsa zovala zakale paja, ayi. Tili ku migodi, ine ndi iwo tinkavina bolumu, dansi ija yogwirana mwamuna ndi mkazi, mukuzungulira holo yonse ngati mapazi sakugunda pansi. Diresi lake ndi limeneli: nsalu yopyapyala yoterera, pachifuwa timikanda tonyezimira, m'munsi monse nthenga zoyera za nthiwatiwa. Mayi ameneyu akatembenuka, nthenga zinkatsala m'mbuyo n'kumamuthamangira. Amuna anzanga ankaponda akazi awo, maso ali kwa wanga.

Tsono Loweruka likubwerali mdzukulu wathu Misozi akukwatiwa. Sanapemphe mbuzi, sanapemphe mbale. Anapempha kuti agogo ake atsegule dansi atavala diresi limeneli. Ine ndinalengeza kale, kutchalitchi ndi kumowa komwe, kuti bwerani mudzaone mmene ankavinira anthu.

Vuto lake linali laling'ono: fungo la musutikesi, ndi kachikasu m'khwapa. Lolemba m'mawa ndinapalasa njinga mpaka kwa a Sakala. Ndinafotokoza pang'onopang'ono ngati ndikuphunzitsa Sande sukulu. Madzi ozizira. Sopo pang'ono. Osafinya, osayanika padzuwa, ndipo nsimbi isaliyandikire n'komwe.

"Amadala," anatero a Sakala, "ine ndachapira azungu a mitundu yonse. Pitani mukapume."

Ndinakapuma. Chitsiru chimapuma bwino.

Lachinayi ndabwerera. "Mwaswera bwanji amadala?" Moni akupereka kwa ine, maso ali kudenga. Diresi alikulunga m'pepala, amanga ndi chingwe ngati nsomba zouma. Akuti ndikamasulire kunyumba, pano pali fumbi. Ndinamasula pomwepo.

Abale anga inu! Nthenga palibe. Ngakhale imodzi yotokosera m'khutu. M'munsi mwadulidwa ndi sizasi, mokhotakhota ngati njira ya mvuu. Kumsana kuli chidindo cha nsimbi ya makala, nsalu itakwinyika ngati chikopa chowamba. Timikanda tija tasungunuka, tamatirirana ngati phula.

"A Sakala, za nsimbi ndinati chiyani?"

Akuti kuno kuchigwa chovala sichituluka chosasita. Akuti ntchentche zimaikira mazira pa zovala zoyanika, munthu ukavala mphutsi zimakulowa m'thupi. Akuti ku kampu ankasita chilichonse, ndi masokosi omwe. Kenaka andifunsa ine, ine mwini diresi: "Mukanakonda kuti amayi atuluke mphutsi kumsana?"

Ndiye ndiombe m'manja? Mwapulumutsa msana, mwawotcha chovala cha pamsanapo. Kuyanika m'nyumba analetsa ndani? Kapena ntchentche za ku Mfuwe zimatsegula zitseko?

"Nanga nthenga zili kuti?"

Apa anatsitsa mawu, nasuzumira kumsewu. Akuti atangoliyanika anaona masikauti awiri a agemu, oteteza nyama za m'tchire aja, akukhotera kwa iwo. Anayang'ana diresi lija. Nthenga za mbalame ya m'tchire, zambiri chotero, popanda pepala la agemu!

"Amadala, msuweni wanga anagona m'selo chifukwa cha kachikopa ka gwape. Ine ndili ndi ana."

Ndiye anathamanga ndi sizasi, kudula, n'kuponya nthenga zonse m'chimbudzi. M'chimbudzi, abale. Ndinafunsa kuti masikautiwo anati chiyani. Akuti sananene kanthu. Ankadzangosiya mayunifolomu awo kuti achapidwe.

Ndifunseko inu obadwira muno. Njovu timazidziwa, zimatithera mango. Anyani timawadziwa, ndi anansi athu. Koma nthiwatiwa anaionapo ndani m'Luangwa? Inabwera pa minibasi ya ku Chipata? Mbalame ya nthenga zimenezo inafa a Sakala asanamere mano. Lero amangidwa chifukwa cha iyo? Ndipo taonani nkhope yanga iyi. Munthu wosaka nyama amakasokerera nthenga ku diresi la mkazi wake n'kupita nalo kochapitsa masana dzuwa likuswa mtengo?

Akuti ndisapse mtima, njira ilipo. Angathe kusokererapo nthenga za nkhanga zoweta, chifukwa zimenezo sizifuna pepala. Mkazi wanga, mayi wa mvano, alowe mu ukwati wa mdzukulu wake ngati sing'anga!

Ndinati, "Dandaulo langa ndikapereke kwa ndani?"

"Kwa manijala."

"Manijala ali kuti?"

"Ndine. Koma lero ndili kochapa, mubwere mawa."

Njira yobwerera ndinakankha njinga, kukwera kunandikanika. Amake Esnati ndinawapeza pakhonde akupukuta nsapato zawo za dansi. Anamasula pepala lija, natambasula diresi pamiyendo. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoyendetsa chala m'munsi muja munali nthenga, kuchokera uku mpaka uko, kenaka analipinda bwinobwino. Atamaliza anati, "Atate ake Esnati, Misozi mukamuuze nokha. Ndipo poti dansi munalengeza kale, mukavine ndi wochapa wanuyo."

Misozi sindinamuuzebe. Ndikayambira pati?

Inu muli ndi zovala za ukwati, za kwaya, kapena chilichonse chofewa kuposa kaki, musadutse nazo pakhomo paja. Chimene chili ndi nthenga, ngakhale pilo, bisani.

Ndipo inu a Sakala, manijala ndi wochapa nonse awiri, mwamva chigamulo cha amayi. Ine mawu a mkazi wanga sindiwabweza. Loweruka mufike msanga. Diresi ndikusungirani, lilibe mphutsi, agemu sangakugwireni nalo. Muvale, ndikugwireni m'chiuno, tizungulire pamaso pa anthu onse ndinawaitana aja. Nyimbo ikatha, mukagwade kwa Misozi mumufotokozere nokha chifukwa chake agogo ake akhala pampando.