Felista ndi Nandolo Wamawangamawanga

Lemba momwe ndikunenera, usakometsere ayi.

Felista ndi mdzukulu wanga, mwana wa malemu Lenia, mwana wanga wamkazi. Ali wamng'ono anali waulesi pa khasu. Koma ukamupatsa lichero la mbewu zosakanikirana, ankakhala pansi n'kupatula nandolo payekha, khobwe payekha, mpaka timiyala tomwe. Ine ndinkati mwana ameneyu adzakwatiwa ndi lichero.

Atamaliza sukulu anapeza ntchito ya makompyuta ku Zomba. Ndinamufunsa kuti kodi amalimamo chiyani m'menemo. Anandiuza kuti anthu ophunzira m'maiko onse amasunga pa intaneti zimene akudziwa za mbewu, tizilombo ndi matenda, koma aliyense nkhokwe yakeyake, zobalalika ngati nkhuku zopanda khola. Ndiye iye anaphunzitsa kompyuta kuti izisaka yokha nkhokwe zimenezo n'kumazisanja, za nandolo uku, za chinangwa uko. Ndinati basi, ndi lichero lomwe lija, langolumikizidwa kumagetsi.

Kenaka kunabwera namondwe wa Freddy. Matope ochokera m'phiri anakokolola nyumba yanga kuno ku Nkhulambe, pamodzi ndi mphika wa mbewu. Nyumba sindinailire kwenikweni. Ndinalira nandolo wamawangamawanga amene amayi anandipatsa pokwatiwa, amene agogo awo anachoka naye ku Mozambiki atamumanga pansalu. Kwathu mkazi amasiyira mwana wake wamkazi mbewu. Nanga ine ndikanasiya chiyani? Wakumsika uja, wopanda ndi fungo lomwe?

Felista sanandilonjeze kanthu. Anangondifunsa za makoko a nandoloyo, mwezi umene amakhwima, ndi maonekedwe a njere. Kompyuta yake inakafukula nkhokwe ina yakunja imene ngakhale iye mwini sankaidziwa. Zinapezeka kuti kalekale alangizi anatolera nandolo m'midzi yathu ino n'kukamusunga kumalo ozizira. Anandionetsa zithunzi pafoni. Ndinakana uyu, ndinakana uyo, kenaka ndinaloza chithunzi china. Anali yemweyo.

Kuti osunga mbewuwo atitumizire njere zinachedwa, mpaka ndinamunyoza Felista kuti makina ake amayenda ngati bilimankhwe. Chaka chino ndiye wabwera ndi tinjere tosadzaza ndi chikhatho chomwe.

"Agogo, landirani mbewu yanu."

"Yanga? Iwe, amako kulibe. Wolandira ndiwe. Tenga khasu uko."

Anabzala mizere yokhotakhota ngati njira ya woledzera. Koma nandoloyo wamera, ndipo wayamba kale maluwa.