Nadula mango ya atate chifukwa cha tenti

Mwachoma bwanji nonse. Lelo nalakwitsa, abale anga.

M'mawa kuseni kunabwela anthu a tenti kudzapima pabwalo, pokonzekela ukwati wa mlongo wathu Thoko. Anati tenti siingakwane chifukwa cha mtengo wa mango uja wa pafupi na chitsime. Amai anali kuchalichi ku Kasisi. Sininafunse munthu, ninatenga nkhwangwa na kuugwetsa.

Amai pobwela anaima pageti. Kenaka anagwada, nayamba kutola tumango tuwisi tumene tunamwazika pansi, kamodzikamodzi, kuika mu chitenje chawo.

Ninati, "Amai, siyani, situngapse utu."

Anayankha, "Malemu atate ako anabyala mtengo uyu tsiku limene Thoko anabadwa. Mlongo wako anapempha kuti abusa akawadalitsile pansi pake, pakuti atate ake kulibe."

Ine sininadziwe. Manje tenti ikwana bwino, koma nilephela kuyang'ana amai kumaso.

Thoko sali mu gulu lathu lino la mauthenga, afika pa Chisanu kuchoka ku Lusaka. Nimuuze lelo pafoni, kapena tiyembekeze afike? Amalume, ba sisi Esnati, nithandizeni, nilibe poyambila.