Fodya wa a Makwinja Sagwiridwa Masana

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chowerenga pamalo osayenera. Ndinali pa Kamwendo tsiku lamsika, nditakhalira thumba la mtedza, ndikuwerenga buku la zaulimi lopanda chikuto. Mayi wina anaima n'kundifunsa kuti ndinaphunzira kuti. Ndinati sukulu ndinalekezera Sitandade 8, zotsalazo ndinatola m'manyuzipepala okulungira usipa.

Anali a Dokotala Nkhoma, mphunzitsi wa zaulimi kuyunivesite. Akuluakulu akumeneko anali atawapatsa thandizo la chaka chimodzi kuti akonzenso maphunziro awo, ophunzira azichoka pabolodi n'kukaphunzira kwa alimi. Zikayenda bwino, thandizolo lipitirira. Ankafuna munthu wodziwa midzi ya kwa Mlonyeni. Anandipatsa njinga, kope ndi mabolopeni awiri, ndipo ndinayamba kuyenda ngati ndine ndinamanga yunivesiteyo.

Ntchito yanga inali kupeza alimi ndi kulemba ndondomeko ya tsiku. Ophunzira anaona nazale, anaona kusoka fodya ndi kumupachika pa mikangala m'chigafa, anaona jeke yodindira mabelo.

Mu Juni kunabwera akuluakulu awiri odzaona ngati thandizolo lipitirire. Phunziro linali kusankha fodya, pachigafa cha a Makwinja, tenanti wochokera ku Thyolo. Mutu wa kusankha fodya ndinali nditauwerenga katatu. Ndinalemba mokongola: chakudya 12 koloko, kusankha 2 koloko. A Makwinja ndinangowauza kuti Lachinayi kubwera alendo. Ola sindinatchule.

Tinafika dzuwa likuswa mtengo. Wophunzira wina anakoka tsamba pa mkangala, ndipo linafumbutuka m'manja mwake ngati chipapati chouma. A Makwinja anaima pakati pa ife ndi fodya wawo.

"Pepani, mabwana. Uyu ndi thukuta langa la chaka chonse. Fodya wouma sagwiridwa masana. Amafewa ndi mame."

Kenako anandiyang'ana. "Inu aphunzitsi a njinga, buku lanu lija silinanene?"

Silinanene. Mwina linanena pamasamba amene anakulungira usipa.

Mmodzi wa akuluakulu aja anayang'ana wotchi. Ndinadziwa kuti maphunziro a Dokotala ndawaphera ine. Koma a Dokotala anatembenukira ophunzira.

"Amene anaziwerengapo zimenezi akweze dzanja."

Palibe anakweza. Wamkulu wa wotchi uja anati nayenso waphunzitsa zaka zambiri osazimva.

"A Makwinja, tibwere nthawi yanji?" anafunsa a Dokotala.

"Kukangocha, mame asanaume. Ochedwa akapeza tatseka kalasi."

Ndinapalasa njinga kukapempha malo ogona pasukulu ya pulaimale. M'mawa tsamba la pa mkangala womwe uja linali lofewa ngati nsalu. A Makwinja ankalitambasula pabondo, kuonetsa utali, mtundu ndi mabala, ophunzira akulemba. Wamkulu wa wotchi anasankha kamtolo kake, a Makwinja n'kumubwezera masamba atatu.

Thandizo linapitirira. Chaka chotsatira a Dokotala anaika dzina la a Makwinja papepala la maphunzirowo ngati mphunzitsi, ndipo ine ndinakhalabe ndi njinga.

Kuwerenga sindinasiye, ndi matenda osachiritsika. Koma kuyambira tsiku limenelo, ndikamalemba ndondomeko, pa ola ndimasiya mpata mpaka nditafunsa mwini ntchito.