Nanzikambe wa Chigalimoto Chokoka

Dzina lakuti Nanzikambe anampatsa ndi madalaivala anzake pa kampani ya mabasi. Pagulu lonselo mkazi anali iye yekha. Loboti ikafiira ankaima ngakhale msewu uli mbee, lamba ankamanga, ndipo mipando ikadzaza ankatseka chitseko. Amunawo ankangoti akazi ndi amantha, chiwongolero chimafuna munthu wa ndevu.

Amene ankamuda kwambiri anali mkulu wa madalaivala, bambo wothamangitsa basi yemwe ankamutcha Kavuluvulu. Tsiku lina bamboyu akubweza basi m'depoti anagunda chipilala, nyali zakumbuyo n'kuphwanyika. Atafika kwa bwana ananena kuti waphwanya ndi Nanzikambe, poti basiyo ndi imene mayiyu ankayendetsa masiku onse. Amene anaona anangoti zii. Bwanayo sanafufuze n'komwe, anangoti ankadziwa kale kuti kulemba mkazi n'kudziputira mavuto, n'kumuchotsa ntchito mayiyo.

Nanzikambe anatuluka pageti misozi isanagwe, anakalirira kunyumba. Amuna ake anamuuza kuti azisiye m'manja mwa Mulungu. Iye anavomera pakamwa pokha, mumtima anasunga mangawa.

Patapita nthawi anapeza ntchito pa galaja ina, yoyendetsa chigalimoto chokoka magalimoto owonongeka. Manja anachita zikang'a ndi matcheni, ana anakula, imvi zinayamba. Koma basi ya kampani ija ikamudutsa pamsewu, ankasuzumira kuti aone amene ali pachiwongolero.

M'mawa wina anamutuma kukakoka basi imene inagwera m'ngalande. Atafika anapeza anthu ali mbwee m'mbali mwa msewu, mayi wina atagwirizira mkono wothyoka. Anthuwo anamuuza kuti dalaivala amafuna kupitirira lole pakona, ngakhale iwo amamuletsa. Dalaivalayo anali Kavuluvulu, malaya ali matope okhaokha.

Atamuzindikira, bambo uja anamukokera pambali.

"Achemwali, zakale n'zakale. Kokani msanga apolisi asanafike, anthuwa ndiwakweza basi ina."

"Achemwali anu ndani?" anafunsa Nanzikambe. "Paja ife akazi ndife amantha, bambo. Ine kusuntha galimoto apolisi asanaone, ndimaopa."

Anazimitsa injini, n'kuimbira yekha apolisi ndi ambulansi. Kenako anayenda kwa anthu aja mmodzimmodzi, kuwapempha kuti asachoke mpaka atanena zimene aona. Agogo ena amene ankadandaula ndi dzuwa anawakhazika m'chigalimoto chake. Apolisi atafika, aliyense anali ndi chonena, ndipo Kavuluvulu thukuta linali kamukamu.

Apolisi atamuloleza kukoka, Nanzikambe sanadzere njira yachidule. Analowa pakati pa tauni, basi ili pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika, n'kukadutsa pageti la depoti nthawi imene madalaivala amakhala panja kudya. Pamenepo anachepetsa liwiro, naliza hutala mpaka bwana uja anatulukira pawindo.

Khoti linalanda Kavuluvulu laisensi, ntchito n'kuthera pomwepo. Mwana wamkazi wa Nanzikambe anafunsa mayi ake ngati mtima tsopano wakhala pansi. Iwo anati pang'ono chabe.

Chaka chisanathe, Kavuluvulu anafika pa galaja paja, nsapato zitang'aluka, kudzapempha ganyu iliyonse. Mwini galaja, yemwe ankaidziwa nkhani yonse, anaitana Nanzikambe n'kumufunsa ngati amubweze.

"Ayi, mulembeni," anatero mayiyo. "Chigalimoto changa chilibe wotsuka."

Mpaka pano, Nanzikambe akabwera kokoka amaimika chigalimotocho pafupi ndi mpopi, n'kukhala pabenchi kuonerera bambo uja akukwecha matayala. Akasiya matope penapake, amamulozera ndi chala osayankhula. Makiyi amakhala m'thumba mwa mayiyo, ngakhale pofunika kungochisuntha pang'ono.