Masitepe a Galimoto ya Mkamwini

A Swaibu Adamu a pa Benga samwetulira chinthu chogula m'sitolo. Mukawaonetsa chitseko chachitsulo chochokera m'tauni, amachigogoda kamodzi ndi chala, n'kufunsa kuti, "Nsomba zimene zinali m'chitinimu munadya kale?"

Anabadwira ku Kanyenda, m'banja la asodzi, koma iwo madzi sanawakonde. Ali mnyamata analowa ntchito pa lole ya matola, kukweza ndi kutsitsa katundu pakati pa Salima ndi Dwangwa. Tsiku lina lamvula, potsika, anaponda pa tayala monga ankachitira masiku onse. Phazi linaterereka, bondo linakamenya mwala, ndipo mwendo wakumanzere sunawongokenso bwino. Atachira anapita ku Salima kukaphunzira kuwotcherera zitsulo. Tsopano papita zaka makumi atatu ali pa shedi yawo m'mbali mwa msewu, kupanga mafelemu a mawindo, mbaula, mabedi ndi ngolo. Koma ntchito imene amadziwika nayo ndi masitepe a magalimoto.

Masitepe sawayeza ndi tepi. Amati tepi ilibe mawondo. Amaitana akazi awo, a Asiyatu, amene amagulitsa tomato kutsidya kwa msewu, kuti amange chitenje bwinobwino n'kukweza phazi. Pamene phazilo lafika chitenje chisanamasuke, pamenepo ndi pa sitepe yoyamba.

Mlongo wawo atamwalira, a Swaibu anatenga mwana wake wamkazi, Mariam, n'kumulera ngati wawo. Chaka chatha Mariam anakwatiwa ndi Ramsey, mnyamata wa ku Bua amene anakhala zaka zinayi ku Joni. Ramsey anabwerako ndi galimoto yonyamula katundu, ndipo kumbuyo kwake kunali kanyumba koyera, kokhala ndi bedi, kabati ndi pophikira. Cholinga chake chinali choti azitsata usipa doko ndi doko, kugula, kuyanika, n'kumagona pomwepo. Maganizowo sanali opusa, ndipo mnyamatayo sanali waulesi. Koma a Swaibu sanamukhululukire magalasi akuda amene ankavala ngakhale kuli mitambo, komanso kuwatchula kuti "ankolo". Kanyumbako ankangokatchula kuti khola la nkhunda.

Chitseko cha kanyumbako chinali kumbuyo, m'mwamba mofika m'chiuno mwa munthu wamtali. Ramsey ankangodumpha. Tsiku lina Lachisanu, a Swaibu akuchokera ku mzikiti, anaona galimotoyo itaima pa Benga, ndipo anaona mmene Mariam amatsikira. Pansi panali beseni lovundikira, lopondapo potsika. Mariam anakhala pakhomo, n'kutsitsa phazi limodzi kumafufuza besenilo, dzanja lina litagwira chitseko chimene chinkagwedera. Anali woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chiwiri. Beseni linatsetsereka pang'ono, kenako linaima. A Swaibu anamva bondo lawo likuwawa ngati kukubwera mvula. Madzulo asanafike anatumiza mawu kwa mkamwini kuti galimotoyo ibwere pa shedi.

Ramsey anafika Lolemba m'mawa, Mariam ali kutsogolo. Anatsika akuseka, atanyamula makwerero opinda, a chitsulo chopepuka chonyezimira.

"Ankolo, musavutike, masitepe ndili nawo kale. Ndinabwera nawo kuchokera ku Joni, anangokhala pansi pa bedi. Mungondiwotcherera timbedza tiwiri apa, basi."

A Swaibu anawanyamula ndi chala chimodzi. Miyendo yake inali yowonda ngati ya kakowa, ndipo popondapo panali potambalala ngati zala zitatu.

"Akamwini, amenewa ndi okwera anthu kapena abuluzi?"

"Ndi olimba amenewo, ankolo. Taonani." Ramsey anatulutsa foni n'kuyamba kuwaonetsa zithunzi: masitepe opindika ngati lumo, ena olendewera, ena obisika pansi pa galimoto. "Onse oyenda ndi magalimoto otere amagwiritsa ntchito zimenezi."

"Pazithunzi zanuzo magalimoto aima pati?"

"Pansi."

"Pasimenti. Inu mumaima pa Bua, pamene ngakhale galu amatitimira."

A Swaibu anatola msomali n'kujambula pansi masitepe atatu otambalala, oti phazi lonse likhalepo, chitsulo chophwatalala pansi pake kuti asamire mumchenga, ndi chogwirira kudzanja lamanja. Anafotokoza chimodzichimodzi, mosafulumira, popeza pa nkhani ya zitsulo a Swaibu amaiwala kunyoza kwa kanthawi.

Ramsey anapukusa mutu. "Amenewo ndi masitepe a pachigayo. Galimoto yonseyi ioneka ngati ngolo. Chogwirira n'cha chiyani? Ndine nkhalamba ine?"

Apa zinawavuta a Swaibu. Malume satchula za pakati pa mwana wa mlongo wake, makamaka kwa mkamwini, pamsewu, anthu akumva. Anayang'ana kumbali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pali ena okwera galimotoyi amene masiku ano saona mapazi awo."

"Aa, zimenezo n'zosavuta," anatero Ramsey. "Ndiikapo getsi pakhomopa."

A Swaibu anamuyang'anitsitsa. M'mtima ankadzifunsa kuti mwana wa mlongo wawo, amene ankakhoza masamu kuposa anyamata onse m'kalasi, anatola kuti chitsa chovala magalasi chotere. Kenako anakuwa kutsidya kwa msewu.

"Amayi! Tandibwerekani chitenje chimodzi."

Anthu a kabaza amene amadikira makasitomala pansi pa mtengo wa mango anasendera pafupi. A Swaibu anatenga thumba, n'kuthiramo mchenga wolemera ngati ndowa yaing'ono ya madzi.

"Akamwini, mangani chitenjechi, thumbali likhale pamimba. Mukakwera ndi kutsika kamodzi kokha pa makwerero anuwa, timbedza tanu ndiwotcherera pompano, ndipo sindidzayankhulanso."

"Mukufuna kundiseketsa anthu, ankolo."

"Wa ku Joni waopa chitenje!" anatero mmodzi wa a kabaza aja.

Zimenezo zinakwana. Ramsey anasunthira galimoto kuseri kwa shedi, pamene pali mchenga, n'kutsamiritsa makwerero pakhomo. A Asiyatu anamumanga chitenje molimba, monga amamangira mayi wopita ku msika, akuyesetsa kuti asaseke.

"Ndikwera katatu," anatero Ramsey.

Pa sitepe yoyamba chitenje chinamugwira mawondo. Anachikokera m'mwamba ndi dzanja limodzi. Pa yachiwiri anafuna kuona popondapo, koma anangoona thumba. Mwendo umodzi wa makwerero unayamba kulowa mumchenga pang'onopang'ono, makwerero anapendama, dzanja lake linafufuza chogwira m'malere. Anagwa chokhala, thumba lili pachifuwa, magalasi ali pa khutu limodzi.

Kuseka kunamveka mpaka pa sitolo za kutsidya. Pamenepo a Swaibu akanangotambasula dzanja n'kumudzutsa, nkhani ikanathera pomwepo, pakuti nkhope ya mnyamatayo inaonetsa kuti wamvetsa. Anali atayang'ana thumba lija, kenako n'kuyang'ana kutsogolo kwa galimoto kumene kunali mkazi wake. Koma lilime la a Swaibu linali litanyamuka kale.

"Zaka zinayi ku Joni, akamwini, munakaphunzira kugwa basi?"

Ramsey anadzuka. Anamasula chitenje, n'kuchikung'untha, n'kuchipinda bwino, n'kuchipereka kwa a Asiyatu ndi manja awiri. Anaponya makwerero m'kanyumba, n'kuliza galimoto. Podutsa, a Swaibu anaona Mariam atazolika, osawayang'ana.

A kabaza anabwerera pansi pa mtengo akubwereza mawu aja. A Swaibu anayamba kutolera zitsulo, akung'ung'udza za ana amene amaganiza kuti nzeru zimakhala m'foni. A Asiyatu anaima pakhomo pa shedi, chitenje chili m'manja.

"Mwapambana, abambo."

"Chitsiru chimafunika kuchionetsa."

"Eya, mwachionetsa. Nanga mawa Mariam atsikira pakamwa panupo?"

Anawoloka msewu osadikira yankho.

Tsiku limenelo a Swaibu anaika pambali mafelemu a mawindo amene mwini wake ankawadikira, n'kusankha zitsulo zabwino koposa zimene anali nazo. Kutalika kwa khomo lija anali atakuona ndi maso, pamodzi ndi mabowo anayi a mabauti amene anali pachitsulo cha pansi pa chitseko. Anagwira ntchito masiku awiri. Popondapo anaikapo chitsulo chokhakhala kuti phazi lonyowa lisaterereke. M'mbali monse anapala ndi tupa mpaka posalala, kuti pasakhale pokola nsalu. Pomaliza anachita chinthu chimene amati amachita ndi amisiri obisa ntchito yoipa: anagula penti wa siliva n'kupaka mpaka masitepe ananyezimira. Ankapaka akutukwana pentiyo.

Lachinayi m'mawa anawakweza pa lole ya mnzawo wakale, n'kukatsika panjira ya ku Bua. Kuchokera pamenepo anawakankha pa wilibala yobwereka, akutsimphina, mpaka padoko. Galimoto inali pafupi ndi matandala oyanikapo usipa. Pakhomo panali beseni lija.

Ramsey anawaona ali patali. Anabwera n'kuwalonjera mwaulemu wozizira.

"Mwadzuka bwanji, amalume?"

A Swaibu anazindikira kuti "ankolo" wapita, ndipo anadabwa kuti sizinawasangalatse.

"Tadzuka. Ndinali ndi zitsulo zotsala zimandipinga pa shedi. Ndati m'malo mozitaya, zikupingeni inuyo."

Ramsey anazungulira masitepewo kawiri. Anagwira chogwirira n'kuchigwedeza, koma sichinagwedezeke. Amayi ena ogula nsomba anali atabwera kudzaona, ndipo mmodzi wonenepa, wa duku lofiira, anawerama n'kuloza m'mbali mwa sitepe yapansi. Pamenepo panali zilembo ziwiri zimene a Swaibu amawotcherera pa ntchito yawo iliyonse, zoyamba za mayina awo.

"S.A.! Achimwene, awanso ndi a ku South Africa? Koma zinthu za ku Joni zimaoneka, amayi inu. Kuno kuli ndani angapange zotere?"

"Kuno amangodziwa kumata mbaula," anatero mnzake.

Ramsey anayang'ana a Swaibu. A Swaibu anamva mawu akukwera kukhosi, mawu abwino ndithu, okwanira mayi wa duku lofiira, mnzakeyo, mkamwini ndi Joni yense. Pakhomo pa kanyumba panaonekera Mariam, dzanja lili m'chiuno, akudikira kuti aone ngati atsikire pa beseni kapena ayi. A Swaibu anameza. Anaweramira thumba lawo la zida.

"Akamwini, gwirani sipanala iyi. Katundu wanu wakunjayu sadzimanga yekha."

Ramsey anakankha beseni ndi phazi, n'kugwada mumchenga. Anamanga mabauti anayi onse, a Swaibu akumuuza kuti akumangira kolakwika ngakhale pamene ankamanga bwino. Atamaliza, mnyamatayo anakwera yekha n'kudumphadumpha pa sitepe iliyonse. Kenako anaima pambali.

Mariam anagwira chogwirira, n'kutsika choimirira, phazi limodzi, linzake, osafufuza. Atafika pansi anagwada pang'ono monga mwa mphamvu zake.

"Zikomo, amalume." Anapukuta dzanja pa chitenje. "Koma chitsulochi dzuwa likachiwomba chiziwotcha. Panopa chayamba kale."

A Swaibu anachigwira. Chinali chofunda, ndipo nthawi inali isanakwane n'komwe 9 koloko. Zaka makumi atatu akupanga masitepe, zimenezo anali asanaziganizirepo.

"Ndi pentiyu," anatero mokwiya, ngakhale ankadziwa kuti si penti. Anatembenukira kwa Ramsey. "Mwaimiranji? Kapezeni chubu chakale cha njinga, tichidule tikulunge apa. Kapena chubunso tidikire chichokere ku Joni?"

Ramsey anali atanyamuka kale, akuthamanga mumchenga kulowera kwa okonza njinga. Mariam anakhala pa sitepe yachiwiri, n'kutambasula miyendo yake yotupa, n'kuwasiyira amalume ake malo.