Chomela cha ku Woodlands Chinanditseka Pakamwa

Chizindikilo choyamba chinali kuyabwa kwa lilime, Lachiwili m'mawa, m'nyengo yotentha. Ndinali nditasiyila sukulu Fomu 2, ndikukhala kwa azakhali ku Kabwata, ndipo ganyu ndinkagwila panyumba ya Amayi Tembo ku Woodlands. M'chipinda chawo chochezela munali chomela cha m'chitini, cha masamba aakulu amawangamawanga, thunthu lake la mfundo ngati nzimbe. Chinali chitatalika mpaka kupindikila kudenga. Anandiuza kuti nsonga ndiidule ndiiviike m'botolo la madzi, thunthu ndiliduledule tibzale.

Mpeni unali wobuntha, ndipo ine kudekha sindikudziwa. Ndinamalizitsa ndi mano, monga timachitila ndi nzimbe.

Posakhalitsa m'kamwa munatentha kuposa tsabola. Malovu anangochucha, lilime linatupa, mawu anatha. Pofika masana ngakhale mpweya unkadutsa movutikila. Amayi Tembo ananditengela kuchipatala chachikulu pagalimoto yawo, atakulunga chidutswa cha thunthulo m'nyuzipepala.

Tinadikila pabenchi, khadi lili m'manja. Nesi atafunsa dzina langa, ndinachita kulemba papepala. Aka kanali koyamba kuti sukulu indithandize. Dokotala anayang'ana chidutswacho, kenako ine.

“Iwe, ndiwe mbuzi kodi?” anatelo. “Utomoni wa ichi uli ndi tisingano tosaoneka ndi maso. Ukanachedwa, khosi likanatsekeka.”

Anandibaya jakisoni n'kundigoneka m'wodi. M'mawa ndi madzulo manesi ankandiunika kukhosi ndi tochi. Chakudya chinali mkaka wozizila ndi phala lamadzimadzi, ndipo kumeza kunali nkhondo. Azakhali atabwela Lachitatu sanafune kumva za chomela. Iwo anati ndalodzedwa chifukwa cha pakamwa panga, popeza sabata lomwelo ndinali nditatukwana anyamata a chipani ofunsa makhadi a umembala pamsika. Ndinangogona chagada, ndikudzifunsa kuti chinthu chokhala m'nyumba, chosadyedwa ngakhale ndi mbuzi, singano n'zachiyani, ndiponso ngati mawu anga adzabwelela.

Lachinayi kutupa kunayamba kuphwa. Lachisanu m'mawa mawu anatuluka, osasa ngati a chule. “Ba sisita,” ndinatelo kwa nesi, “tisingano tija mungandionetse?” Anaseka, nati ndipite kwathu.

Lelo ndili bwino, ndimadya chilichonse. Nsonga ija inamela mizu m'botolo patatha masabata atatu. Mwa zidutswa zonse, choyamba kuphuka chinali chokhala ndi zipsela za mano anga. Amayi Tembo anandipatsa, ndipo chili pawindo ku Kabwata, patali ndi ana.

Podula chomela chotele nolani mpeni, sambani m'manja, mano asayandikile. Lilime likayamba kutupa, thamangilani kuchipatala ola lomwelo, mutanyamula chidutswa chake, musayambe mwafufuza amene wakulodzani. Chomela chapawindo chija azakhali mpaka pano amachithilila okha madzi. Amati m'Lusaka yense ndi chokhacho chinakwanitsa kundikhalitsa chete masiku atatu.